Itsale Iti M'khola?

Hatchi ya pa foni sidya msipu, simwa madzi, ndipo ngakhale uikwiyitse chotani singakuponde. Chakudya chake chenicheni ndi nthawi ya mwini wake. Ikakhala imodzi, nthawiyo sioneka n'komwe. Koma hatchi imaswa, ana ake n'kudzaswanso, ndipo pofika kumapeto kwa tchuthi chachitali umapeza kuti khola lija unaliyamba ndi kamwana kamodzi ladzaza ndi mahatchi 40, onse akudikira kudyetsedwa, kupesedwa, kuphunzitsidwa ndi kugonekedwa. Apo n'kuti semesita yatsegulira, aphunzitsi agawa kale ntchito yoyamba. Funso limene munthu wongodutsa angaliyese lachibwana limamulemera ndithu mwini khola: itsale iti, ichoke iti?

Tilipo asanu pasukulu pano amene timaweta mahatchi otere m'gemu ya pa intaneti yotchedwa Howrse. Awiri akuphunzira za bizinesi, mmodzi zaulimi, mmodzi zauphunzitsi, winayo zaubusa. Mwa asanufe, amene anakhudzapo hatchi yamoyo ndi mmodzi yekha, ndipo anaikhudza kamodzi kokha, pamwamba pa phiri la Zomba. Enafe tinakulira pakati pa mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe zokoka ngolo. Aliyense ali ndi khola lakelake, koma nkhani yosankha timaikambirana pamodzi, poti mutu umodzi susenza denga. Pangano lathu ndi lakuti sukulu ikatsegulira, pasapezeke wosunga mahatchi opitirira 8. Tikudziwa kuti ena mumpingo mukationa titaweramira mafoni mumadabwa kuti kodi anyamata ndi atsikanawa akuona chiyani. Tikufuna tikuuzeni zimene zili mmenemo, komanso zimene kusankha kumeneku kwatichititsa kuganizira.

Gemuyi inayambira ku France m'chaka cha 2005, dzina lake loyamba lili Equideow. Inapangidwa ndi kampani ya Owlient ya ku Paris, imene inadzagulidwa ndi kampani ya Ubisoft mu 2011. Ukalembetsa, umapatsidwa kamwana ka hatchi ndi ndalama zochepa za m'gemumo zotchedwa Equus. Hatchi iliyonse ili ndi maluso asanu ndi limodzi: kupirira, liwiro, kumvera woikwera, kuthamanga kwa mtondowadooka, kuyenda kwa ndawala, ndi kudumpha. Pa luso lililonse pali nambala imene hatchiyo imabadwa nayo, yosonyeza pamene ingafike ikaphunzitsidwa mokwanira. Manambala asanu ndi imodziwa akaphatikizidwa amapereka nambala yaikulu imene osewera amangoitchula kuti GP. Imeneyi ndiyo aliyense amathamangira kuona hatchi ikangoswa, asanayang'ane n'komwe ngati mwanayo ndi wofiira kapena wakuda.

Pali nambala inanso yotchedwa BLUP, imene imayambira pa -100 mpaka 100. Kuti hatchi ifike pa 100 iyenera kukwanitsa zaka 10, kupambana mipikisano 20, ndi kumaliza maphunziro a maluso ake atatu apamwamba. Makolo amene afika pamenepa ndiwo amabereka ana abwino koposa. Tsiku limodzi la m'gemu limawerengedwa ngati miyezi iwiri ya moyo wa hatchi, kotero zaka 10 ndi masiku 60 osamalira hatchi imodzi, pokhapokha utagwiritsa ntchito timphatso tina tofulumizitsa kukula. Gemuyi sikuletsa kusunga mahatchi ochuluka mmene ungafunire. Chimene chimakuletsa ndi masamu. Hatchi imodzi ikamakudyera mphindi zitatu, mahatchi 40 akudya maola awiri tsiku lililonse, kuwonjezerapo lendi ya khola ndi bandulo ya intaneti. Maola awiri patsiku ndi mutu wathunthu wa buku, kapena ntchito ya kalasi imene ikanaperekedwa nthawi yake. Mahatchi 8 amatha m'mphindi zosakwana 30, ndipo m'pamene tinaika malire.

Posankha, chinthu choyamba chimene timasiyanitsa ndi ntchito. Pali hatchi yopita nayo ku chionetsero ndi ku mipikisano, ndipo pali hatchi yosungira mbewu. Yakuchionetsero imafuna chilichonse: iphunzitsidwe mpaka luso lililonse lidzaze, igulidwe chishalo chabwino, igone m'khola lokwera mtengo. Yambewu imangofunika ifike pa BLUP 100, ibereke, basi ntchito yake yatha. Mavuto amayamba pamene hatchi imodzi ikuoneka kuti ingachite zonse ziwiri, mwini wake n'kumafuna kuiyendetsa njira zonse. Mapanga awiri avumbwitsa. Choncho pa mahatchi 8 aja timati atatu akhale a chionetsero, anayi ambewu, ndipo malo amodzi atsale. Za malo otsalawo tinena kutsogoloku, chifukwa ndi amene timakangana nawo kwambiri.

Chachiwiri timayang'ana ngati maluso a hatchiyo akugwirizana ndi mpikisano umene tikuifunira. Mpikisano uliwonse umawerengera maluso ake, ndipo hatchi ya GP yaikulu ikhoza kugonja kwa inzake ya GP yocheperapo ngati mphamvu zake zili pa luso limene silikufunika pamenepo. Kutengera hatchi yaliwiro ku mpikisano wodumpha kuli ngati kutuma katswiri wa kwaya kuti akawerengetse ndalama za msonkhano wa misasa. Chachitatu ndi msinkhu. M'gemuyi GP ya mtundu uliwonse imakwerabe mosalekeza, poti osewera ambirimbiri padziko lonse akukweretsa mahatchi usana ndi usiku. Hatchi imene inali yapamwamba mu Januwale imakhala yapakatikati pofika Juni. Mphongo yokalamba imene inatibweretsera zikho chaka chatha imayenera kupatsa malo mdzukulu wake, ngakhale mtima ukukana.

Zochotsedwazo zimapita kuwiri. Zina timazigulitsa pamsika wa m'gemumo, kumene osewera atsopano amasangalala kupeza hatchi imene kwa ife yatsalira koma kwa iwo ndi chuma. Zimene palibe wozigula timazitumiza kumalo otchedwa Safe Haven, ndipo hatchi ikapita kumeneko sibwereranso. Batani lake ukalidina, gemu imakufunsa ngati watsimikizadi. N'zodabwitsa kuti chala chimazengereza pamenepo, chonsecho ukudziwa bwino kuti ndi chithunzi chabe ndi manambala osungidwa mu kompyuta ya kutali.

Mnzathu wa zaulimi ndiye anatitsegula maso kuti mawu akuti BLUP gemuyi inachita kubwereka. Ndi njira yeniyeni yowerengera imene alimi a ziweto amagwiritsa ntchito, ndipo amene anaikonza ndi Charles Roy Henderson wa ku yunivesite ya Cornell ku America, kuyambira cha m'ma 1950. Vuto limene ankafuna kuthetsa ndi ili: ng'ombe ikamatulutsa mkaka wambiri, tidziwa bwanji ngati ndi chibadwa chake kapena ndi chifukwa chakuti mwini wake amaidyetsa bwino? Njira yake imaphatikiza mbiri ya ng'ombeyo ndi ya abale ake, makolo ndi ana, n'kuchotsapo gawo la chakudya ndi kasamalidwe, kuti chotsalacho chisonyeze zimene ingapatsire ana ake. M'gemu tanthauzo lake analipeputsa, koma mzu wake ndi womwewo.

Kusankha mbewu kunayamba kalekale makompyuta kulibe. Robert Bakewell, mlimi wa ku Leicestershire ku England amene anakhala ndi moyo kuyambira 1725 mpaka 1795, anatchuka chifukwa cholekanitsa nkhosa zamphongo ndi zazikazi n'kumasankha yekha zoti zikwerane. Mahatchi a mpikisano a mtundu wa Thoroughbred, ukatsata mzere wa abambo awo, onse amakathera kwa mphongo zitatu zokha: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo buku losunga mibadwo yawo, General Stud Book, linayamba kutuluka mu 1791. Kwathu kuno buku lotero kulibe, koma agogo athu ntchitoyi amaidziwa. Pokolola amapatula zisononkho zazikulu zodzaza bwino n'kuzipachika pa utsi kuti zikhale mbewu. Fizi ikavuta, sagulitsa thadzi lobereka mapasa. Imapita kumsika ndi mbuzi imene sikukula. Agogo a mmodzi wa ife atafotokozeredwa za gemuyi anangoseka n'kunena kuti, "Ndiye mwapita kusukulu yapamwamba kukaphunzira zimene ine ndimachita kuseri kwa nyumba?"

Nalonso Baibulo silisowa oweta. Pa Genesis 30 timawerenga za Yakobo akuweta ziweto za Labani, malipiro ake ali mbuzi ndi nkhosa zamawangamawanga, ndipo iye ankasamala kwambiri kuti ziweto zamphamvu ndizo zimuberekere. M'mutu wotsatira akufotokozera akazi ake kuti amene anamupatsa chumacho ndi Mulungu, ngakhale Labani anasintha malipiro ake kakhumi. Mnzathu wa zaubusa amakondanso kutikumbutsa Deuteronomo 17, pamene mfumu ya Israeli ikuletsedwa kudzichulukitsira akavalo, ndi 1 Mafumu 10, pamene Solomo akupezeka ndi magaleta 1,400 ndi apakavalo 12,000, kavalo mmodzi wochokera ku Igupto akugulidwa masekeli 150 a siliva. Wina akayamba kuchonderera kuti malire akwere afike pa 12, iye amangoti, "Achimwene, mwayamba usolomo." Timaseka, koma mfundo yake imamveka. Khola lodzaza limatenga mtima wa mwini wake.

Tsono kusankhira chionetsero kuli ndi msampha wake, ndipo mbiri ya hatchi ina yeniyeni imauonetsa bwino. Mu 1969 ku America kunabadwa mphongo ya mtundu wa Quarter Horse dzina lake Impressive. Inali ndi minofu yochititsa kaso, ndipo pa zionetsero zimene oweruza amangoyang'ana maonekedwe a thupi, inalibe inzake. Aliyense anafuna mbewu yake, mwakuti inabereka ana opitirira 2,000. Patapita zaka, madokotala a ziweto anayamba kuona mahatchi ena akunjenjemera minofu, kugwa mwadzidzidzi, ena kufa kumene. Matendawa, amene amatchedwa HYPP, amabwera chifukwa cha vuto lobadwa nalo m'timipata ta m'minofu todutsa mchere wa sodium, ndipo pofika 1992 zinadziwika poyera kuti mzere wa odwalawo ukuchokera kwa Impressive. Kuyambira mu 2007, bungwe la American Quarter Horse Association linaleka kulembetsa ana otengera vutoli kwa makolo onse awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oweta aja sanali anthu oipa. Ankasankha chimene oweruza ankapatsa mphoto, ndipo chimene oweruza sankachiona chinalowa m'khola limodzi ndi zikho.

Mtundu wa ubweya nawo uli ndi nkhani yofanana. Pali mawanga ena okongola otchedwa frame overo, amene anthu ambiri amawasirira. Koma ukakweretsa mahatchi awiri onyamula chibadwa chimenechi, mwa ana anayi alionse mmodzi amayembekezeka kubadwa woyera mbee, matumbo ake osagwira ntchito, ndipo amafa pasanathe masiku ochepa. M'gemu yathu ubweya wosowa umakweza mtengo wa hatchi pamsika koma suwonjezera kanthu pa kuthamanga kapena kudumpha. Ngakhale zili choncho, aliyense wa ife anagwirapo mtima pa kamwana kokongola ka manambala otsika. Diso limafulumira kuposa nzeru.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi ya mahatchi amene anatayidwa. Mu 1956, mphunzitsi wina wa kukwera mahatchi, Harry de Leyer, amene anasamukira ku America kuchokera ku Netherlands, anafika mochedwa pamsika wa mahatchi ku New Holland, m'chigawo cha Pennsylvania. Malonda anali atatha, ndipo otsala opanda wowagula anali atakwezedwa kale m'lole yopita kokaphedwa. Iye anaona hatchi yotuwa imene kale inkakoka khasu, n'kuigula madola 80. Anaitcha Snowman. Atadzaigulitsa kwa munthu wina wapafupi, hatchiyo inkadumpha mipanda italiitali kubwerera kwa iye, ndipo m'pamene anazindikira mphatso yake. Mu 1958 Snowman inapambana mpikisano waukulu wodumpha ku Madison Square Garden mu mzinda wa New York, n'kudzapambananso mu 1959. Seabiscuit nayo inagonja mipikisano yake 17 yoyambirira, koma mu 1938 inagonjetsa War Admiral, imene anthu ankaiyesa yosagonjetseka.

Nkhani ya Snowman titaikambirana, tinaona chinthu chimene chimasiyanitsa gemu ndi moyo. M'gemu ya Howrse, Snowman sangapezeke. Nambala imene hatchi yabadwa nayo ndiyo denga lake, ndipo palibe tsiku limene idzadumphe mpanda n'kudabwitsa mwini wake. Kumeneko nambala imanena zoona zonse, chifukwa hatchiyo ndi nambala basi. N'chifukwa chake kusankha kwa m'gemu kumakoma: umayang'ana, umayerekeza, umadina, ndipo masamu amakuikira kumbuyo. Choopsa n'chakuti diso likazolowera kusankha kotere kwa mphindi 30 tsiku ndi tsiku, silitsala m'foni. Umatuluka nalo panja, kupita nalo m'kalasi, kumalo odyera, ngakhale m'tchalitchi.

Ndipo kunja kuno manambala atizinga kale. Tonsefe tinafika pano titayezedwa ndi mapointi a MSCE, ochokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino, ndipo tikudziwa mmene pointi imodzi imalekanitsira anthu amene anakhala pa desiki imodzi zaka zinayi. Tili ndi anzathu amene anatsala kumudzi chifukwa cha nambala, ena chifukwa cha nambala ina yotchedwa fizi. Pano timayezedwa ndi GPA. Aphunzitsi akati tipange magulu a ntchito, maso amathamangira kwa okhoza, ndipo pamakhala munthu mmodzi kapena awiri amene amatsala akuyang'ana pansi kufikira aphunzitsi atawagawira gulu. Kumpingo nakonso timadziwa amene amaitanidwa kutsogolo pakabwera alendo, amene amapatsidwa maikolofoni Sabata la achinyamata, ndi amene ntchito yawo imakhala yonyamula mabenchi chaka ndi chaka popanda wowafunsa ngati ali ndi china chimene angathe. Chionetsero chilipo ngakhale pamalo opatulika.

Apa tiyenera kunena mosamala, chifukwa kusankha pakokha si tchimo. Kwaya imafuna anthu otha kuimba. Wodwala amafuna namwino amene anakhozadi mayeso. Komiti yosankha atsogoleri a mpingo ikapatsa usungichuma munthu wosadziwa kuwerengera, yalakwira mpingo ndiponso yamulakwira munthuyo. Mnzathu wa bizinesi amalimbikira mfundo imeneyi, ndipo ali ndi zoona: chuma chilichonse chili ndi malire, kaya ndi nthawi, ndalama kapena malo, ndipo wokana kusankha wasankha kale kuti zonse zichitike mwatheka. Ukapitawo umene timaphunzira ku Sukulu ya Sabata umafuna munthu wotha kunena kuti ichi ndisunga, ichi ndisiya. Pamene pali ngozi ndi pamene tasokoneza mafunso awiri. Funso lakuti ndani angagwire ntchito iyi ndi loyenera. Funso lakuti ndani ali woyenera kusungidwa si lathu kulifunsa za munthu.

Mneneri Samueli anakumana nazo ku Betelehemu. Pa 1 Samueli 16 akuona Eliyabu, mwana woyamba wa Jese, wamtali ndi wooneka bwino, ndipo mumtima mwake wamaliza kale kusankha. Mulungu anamukaniza, namuuza kuti Iye sayang'ana zimene anthu amayang'ana. Ana asanu ndi awiri anadutsa pamaso pake, onse osasankhidwa. Wotsalayo bambo ake sanamuitane n'komwe ku chionetserocho. Anali kubusa ndi nkhosa. Chimene chimatikhudza m'nkhaniyi n'chakuti amene ananyengedwa ndi maso sanali munthu wamba. Anali mneneri wokalamba, wodziwa mawu a Mulungu kuyambira ali mwana. Ngati diso la Samueli linafuna kuwongoleredwa, la ife ophunzira a chaka chachiwiri lingatani? Kalata ya Yakobo, mutu 2, imabweretsa nkhani yomweyi m'nyumba yopemphereramo, pamene wovala bwino akupatsidwa mpando wabwino, wosauka n'kuuzidwa kuti aime kapena akhale pansi.

Tsopano tibwerere ku malo achisanu ndi chitatu aja. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi hatchi yoyamba, ija anapatsidwa tsiku lolembetsa. Manambala ake ndi ochititsa manyazi poyerekeza ndi a zidzukulu zake. Singapambane mpikisano uliwonse waphindu, ndipo kuikweretsa n'kubweza mbewu m'mbuyo. Pa masamu okhaokha, iyenera kupita ku Safe Haven. Mnzathu wa bizinesi amatero poyera: "Aise, malo amenewo ikanakhalapo ina yobweretsa Equus. Chifundo pa chithunzi n'kutaya nthawi." Mnzathu wa zauphunzitsi amayankha kuti sakuchitira chifundo chithunzi, akudzisamalira yekha. Akuti akufuna kuti tsiku lililonse, pakati pa mahatchi asanu ndi awiri amene akuwasunga chifukwa cha phindu, pakhale imodzi imene akuidyetsa popanda chimene ingamubwezere, kuti dzanja lisaiwale kachitidwe kameneko. Akuti mawa lino adzaima kutsogolo kwa kalasi ya ana ochuluka, ndipo adzayesedwa kuti aziphunzitsa mizere iwiri yakutsogolo yokha, poti ndiyo imakweza dzina la sukulu pa mayeso.

Mkanganowu sunathe, ndipo sitikufuna kuuthetsa mokakamiza. Tinangogwirizana kuti malo achisanu ndi chitatu ndi a mwini khola, aikepo imene akufuna popanda kufotokozera aliyense. Anayi mwa ife anasunga hatchi yawo yoyamba. Wachisanuyo anaikapo mphongo ina yaliwiro, ndipo sitimuona ngati wouma mtima, pakuti ndi yemweyo amene amakhala mpaka usiku akuthandiza anzake a chaka choyamba masamu a akaunti popanda kulandira kanthu. Zimenezi zinatiphunzitsanso kuti khola la munthu la pa foni silikwanira kutiuza za mtima wake. Tikanamuweruza ndi hatchi yake, tikanagwa m'dzenje lomwe lija la Eliyabu.

Pali malamulo ena awiri amene sitikangana. Loyamba ndi la ndalama. Gemuyi ndi yaulere kuyamba, koma ili ndi ndalama ina yotchedwa pass, imene ungaipeze pang'onopang'ono posewera kapena kuigula ndi ndalama zenizeni. Ndi imeneyo umagulira zinthu zofulumizitsa ntchito, ndipo zina mwa zinthuzo ndi zamwayi: umalipira usakudziwa chimene chitulukemo. Mpingo wathu unanena momveka m'chaka cha 2000, pa msonkhano waukulu wa ku Toronto, kuti juga sigwirizana ndi moyo wa Chikhristu. Kaya bokosi lamwayi la m'gemu ndi juga yeniyeni kapena ndi msuweni wake chabe, ife tinaona kuti fungo lake ndi limodzi. Ndalama imene tili nayo m'thumba inachokera ku thumba la chimanga limene wina anagulitsa, kapena kwa mlongo amene anadzimana. Choncho palibe tambala yeniyeni imene imalowa m'khola la pa foni. Zotsatira zake n'zakuti mahatchi athu sadzafika pamwamba pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo tinavomereza zimenezo.

Lachiwiri ndi la Sabata. Magemu otere anapangidwa kuti uzibwera tsiku lililonse. Pamakhala mphatso za tsiku ndi tsiku ndi zochitika za masiku owerengeka, zimene ukadumpha tsiku limodzi umatsalira. Dzuwa likamalowa Lachisanu timatseka makola, ndipo timawatsegulanso Sabata likatha. Pa masiku asanu ndi awiri alionse timataya limodzi, pamene anzathu a ku Ulaya ndi ku America akupitiriza. Lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5 limatchula ng'ombe, bulu ndi ziweto zonse kuti nazonso zipume, ndipo timakonda kuseka kuti mahatchi athu ndi okhawo m'gemu yonse amene amasunga Sabata. Kuseri kwa nthabwalayo kuli chinthu chimene timachiyamikira. Kwa maola 24 palibe chimene tikuyeza, palibe chimene tikuyerekeza ndi cha wina. Ng'ombe yolimba ndi yofooka zimapuma tsiku limodzi, ndipo wa GPA yapamwamba ndi amene akubwereza kosi amaimba nyimbo imodzi pa benchi imodzi.

Kwa makolo ndi akulu a mpingo amene mungafunse ngati sikukanakhala bwino kungoisiya gemuyi, funso lanu ndi lomveka ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Yankho lathu ndi lakuti malire a mahatchi 8 ndi njira yathu yoyankhira funso lomwelo semesita iliyonse. Tsiku limene mphindi 30 zidzayambe kudya nthawi ya mapemphero a m'mawa kapena ya laibulale, nambalayo idzatsika, ndipo ikhoza kufika pa ziro. Tinauzana kuti wina akaona mnzake akusewera m'kalasi kapena pa nthawi ya chapelo, ali ndi ufulu womulanda foni mpaka madzulo. Pakadali pano gemuyi yatiphunzitsa kuwerengera mtengo tisanayambe ntchito, kudikira masiku 60 kuti tione chipatso, ndi kusiya chinthu chimene timachikonda pamene nthawi yake yatha. Amenewa ndi maphunziro amene munthu amawafuna pa ntchito, m'banja ndi mu utumiki.

Kwa anzathu ophunzira, kaya mumasewera gemu kapena ayi, nonse muli ndi khola lodzaza. Muli makalabu, magulu a WhatsApp, maudindo a kumpingo, mabwenzi, tibizinesi ta m'hositelo, ndi makosi asanu kapena asanu ndi limodzi. Simungazisunge zonse, ndipo sabata zoyambirira za semesita ndiyo nthawi yabwino yokhala pansi ndi pepala n'kusankha. Zinthu zisankheni molimba mtima, ndi masamu, monga mmene agogo amasankhira mbewu. Koma aphunzitsi akadzati pangani magulu, kapena mukadzakhala mu komiti yokonza pulogalamu ya Sabata la achinyamata, masamuwo muwaike kaye pambali, muyang'ane amene watsala kumbuyo osaitanidwa, ndipo mumufunse dzina lake ndi chimene amatha.